Kumutu kwa Dambo la ku Chezi

Ku Chezi, zaka zija munthu sankalowa mumsika popanda khadi la chipani, kunali mayi woumba mbiya, dzina lake Lenia. Udindo analibe, koma dambo la mudziwo ankaliteteza ngati nkhuku ya anapiye. Dongo lake ankakumba kumunsi kokha. Kumutu kwa dambo, komwe madzi amatumphukira pansi pa mitengo ya katope, sankalolako khasu, moto kapena ng'ombe. Ankangoponda ndi chidendene n'kudziwa ngati chitsime chipirira mpaka mvula.

Mwana anali naye mmodzi, Rebeka, yemwe anakwatiwa ndi Isake wa ku Nachisaka. Mkamwiniyo sanali waulesi ayi, vuto lake linali changu. Anafuna kufesa nazale ya fodya kumutu komweko n'kudzalako bulugamu wodzamangira chigafa choumitsiramo fodyayo. Akamukaniza, anati atenga mkazi wake azikakhala kwawo. Lenia atamva izi mtima unamuwawa, chifukwa ukalamba wopanda Rebeka ankauopa kwambiri.

Mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, choncho Lenia anakhala kuseri kwa nkhokwe, Isake atanjuta mbali inayo.

"Bambo," anatero Lenia, "bulugamu amamwa ngati mlendo wa pamowa wamasese. Mukamudzala kumutu, nazale yanuyo mudzaithirira ndi malovu."

"Nanga fodya ndifese pathanthwe, amayi?" anafunsa Isake.

Funsolo linali lomveka. Lenia anati, "Tengani dimba langa."

Linali dimba lomwe anamusiyira mayi ake, kumunsi kwa dambo, lodzaza nzimbe ndi nthochi. Tsiku lomwe Isake ankazula nzimbezo, Lenia analira osabisa, dongo lili m'manja. Amayi anzake anamuseka kuti wagula mkamwini ndi dimba. Iye anati aseke, kuseka sikuumitsa chitsime.

Fodya anachita bwino, ndipo bulugamu Isake anakadzala kumtunda kouma. Chaka china mvula itachedwa, midzi yomwe inalima mitu ya madambo awo inkabwera ndi mitsuko kudzapempha madzi ku Chezi.

Lenia sanakhalenso ndi dimba mpaka imfa yake. Akafuna mpiru ankachita kupempha kwa mkamwini, iye amene kale ankagawira mudzi wonse. Koma womubweretsera mpiruwo tsiku ndi tsiku anali Rebeka, atautsuka pachitsime chomwe chija.