Mpango wa a Belisario

A Belisario Tapia, osoka nsapato a ku Santiago, anavina cueca, gule wokupiza mipango uja, ndi akazi awo a Fresia kwa zaka makumi atatu, mpaka bondo linawakana. Chaka chino pa 18 Sepitembala, tsiku lokumbukira ufulu, mzinda wonse unali utaledzera dzuwa lisanafike paliwombo. Mayi anapita kukavina kupaki, koma bambo ananamizira mutu.

Anatsimphina misewu isanu akulambalala zidakwa, mpaka anapeza kabala kachete ka a Custodio. Anaitanitsa vinyo n'kukhala pafupi ndi wailesi yakanema yomwe inkaonetsa zakupakiko popanda mawu.

"Taonani mayi awo, achimwene," anatero a Custodio akuloza kanemayo. "Koma bambo akuvina nawowo anakwatira!"

A Belisario anadzutsa mutu. Anali a Fresia, mano onse pamtunda, akuzungulira Nibaldo wogulitsa nyama, yemwe ankakupiza mpango woyera wa mzere wabuluu.

"Amenewo si amuna awo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mpangowo ndi wanga. Ndausita ndekha m'mawa uno. Zimitsani chinthucho."