Ndinabweza Mwana wa Apongozi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu ku Bwanje n'kugwetsanso khoma la nyumba. Sindinafunse munthu. Ndinauza mkazi wanga Rozina kuti ndikukafuna simenti ndi malata, iye n'kungoti, "Ndamva." Amandidziwa. Ndikanena chinthu sindibwereza.

Vuto linali mlamu wanga Fabiano, mzime wa apongozi. Anali munthu wandevu kale, koma ntchito yake inali kukhala pa Golomoti n'kumaseketsa anthu. Atamva za ulendo anandikakamira ngati nkhupakupa.

"Alamu, Chingerezi chanucho chimathera pa gudumoningi. Mukandisiya, akakugulitsani inu mukuthokoza."

Ine ndine mkamwini m'mudzi muno, ndipo kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Tikakumana panjira iwo ankapatuka, ine n'kuyang'ana kumbali. Ana amakono amaziseka zimenezi, koma ife tinazisunga. Tsiku lonyamuka apongozi anabwera n'kukhala kuseri kwa nkhokwe. Analankhula ndi Rozina mokweza kuti ine ndimve.

"Uwauze amuna akowo kuti mwana wangayu ndawabwereka, sindinawapatse. Adzandibwezere akupuma."

Ndinayankha maso ali pansi. "Uwauze kuti ndamva. Ndidzabwera naye."

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya mayi wina wolemera. Anandipatsa kachipinda kuseri. Lamlungu ndilo linkandivuta. Ndinkachapa, kusita, kenako n'kukhala pabedi osadziwa kuti manja ndiwaike pati. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, Rozina n'kumanditumizira zithunzi pa foni ya mphunzitsi wina wa ku Mua. Ndinaona maziko, kenako njerwa zikukwera. Zithunzi zimenezo ndinkaziyang'ana mpaka batire kutha.

Kumeneko palibe amene amakudziwa. Ukhoza kusintha dzina, kukana kuti uli ndi banja, kutola za abwana n'kunena kuti zasowa. Ndinaona amuna amene kuno ankatsogolera mapemphero akuchita zimenezo. Ndinadzifunsa kuti kodi ine, popeza mudzi sukundiona, chatsala n'chiyani? Sindinapeze zambiri. Sindinama, sinditenga cha mwini, ndipo mawu amene ndanena ndimawasenza ngakhale alemere. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho izi sindinaziwerenge m'buku. Tsiku lina ndinaboola paipi ya madzi ndi fosholo abwana kulibe. Atabwera ndinakawauza ndekha. Anandidula malipiro, koma tulo ndinagona.

Fabiano anapeza ntchito yotsuka magalimoto, ndipo ndalama zake zinkathera kumowa. Ndikamudzudzula ankati, "Abusa abwera, bisani mabotolo." Tinakangana kwambiri, iye n'kuleka kuyankha foni yanga. Rozina akafunsa kuti, "Amayi akuti Fabiano ali bwanji?" ndinkayankha kuti, "Ali moyo, koma akumwa." Kunama kukanakhala kosavuta. Lero Rozina amandiuza kuti mawu amenewo ankawafewetsa asanakafike kwa amayi ake. Zimenezo n'zake.

Patapita zaka, mnzake wina anandiimbira kuti Fabiano wagwa pantchito. Ndinakamupeza kuchipatala atafa mbali imodzi, dzanja ndi mwendo, kamwa litapotoka. Atamutulutsa, anzake akumowa aja sanaoneke. Ndinamutengera m'kachipinda kanga, n'kukauza abwana. Analola kwa kanthawi. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kumunyamula popita kuchimbudzi. Kenako abwana anandiitana n'kunena mwaulemu kuti chipindacho n'cha wantchito mmodzi, ndipo ndikachoka alemba wina.

Nthawi imeneyo nyumba kumudzi inali itafika pamwamba pa mawindo. Kunatsala denga lokha. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale, monga zinalili ndi ambiri a ife, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka andidindira zoti ndisabwerenso msanga. Anzathu a kwathu kuno anabwera kudzandilangiza. Sanali anthu oipa.

"Madala, ganizani bwino," anatero mmodzi wa ku Mtakataka, titaima panja. "Apa zaoneka kale. Tiyeni timupezere pogona kwina, inu mumalize denga. Zikachitika tidzasonkha. Bokosi limayenda mosavuta kuposa wodwala."

Fabiano anamva. Nditalowa anandikoka malaya ndi dzanja lamoyo lija. Mawu ankatuluka movutikira.

"Alamu... malata."

"Khala chete," ndinatero. "Amayi ako sanandiuze za bokosi."

Ndisaname, mtima unandipweteka. Ndinamukwiyira munthu ameneyu. Zaka zonse ndinadzimana ngakhale nyama, iye akuvina m'mashabini, ndiye lero denga langa lithere pa iye? Ndinakwiya, koma matikiti ndinagula.

Ulendo wa basi unali wautali. Pa malire aliwonse ndinkamubereka kumsana kupita naye pa mzere. Panjira anadzionongera, anthu n'kuyamba kudandaula za fungo. Ndinapempha dalaivala kuti aime, ndinamutsuka kuseri kwa basi, n'kumuveka buluku langa. Mayi wina wa ku Mangochi anandipatsa chitenje chake. Ndalama za malata zinathera m'matikiti, mankhwala ndi zina za m'njira.

Tinatsika minibasi pa Golomoti tsiku la msika. Akabaza anathamanga kudzalanda katundu. Anapeza chikwama chimodzi ndi munthu kumsana kwanga.

"Katundu wina akubwera pambuyo, madala?"

"Ndi yemweyu."

Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Anzawo akubwera ndi mafiriji, awa abwera ndi chidakwa." Anthu anaseka. Sindinacheuke.

Kunyumba ndinapeza makoma ataima bwino, m'kati mutamera udzu. Rozina anayang'ana mlongo wake, anayang'ana chikwama chija, n'kupita kukatereka madzi osamba. Madzulo ake anangoti, "Tifolera ndi udzu. Kudambo ulipo."

M'mawa mwake ndinali pakhonde la nyumba yakale, Fabiano atagona pamphasa pambali panga. Ndinaona apongozi akubwera ndi ndodo yawo. Ndinadzuka kuti ndizungulire kuseri monga mwa nthawi zonse.

"Khalani pomwepo, bambo."

Ndinaima. Chikwatirireni mwana wawo, anali asanandilankhulepo mwachindunji. Anagwada, n'kumusisita Fabiano kumutu, kumugwira dzanja lakufa lija, kuika khutu pachifuwa pake. Kenako anakhala pansi moyang'anana nane, n'kundiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Ine maso anandilemera.

"Ndamulandira," anatero. "Akupuma."

Ndinaweramitsa mutu. Fabiano ndi amene anatithandiza, ndi kamwa lake lopotokalo.

"Amayi... musawayang'anitsitse... mudwala."

Apongozi anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke pamene kuseka kunatha. Rozina anathawira kukhitchini.

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti mudzi wonse ukudikira malata anga. Ena ankadikiradi, ndipo mpaka lero akandiona pamsika amakodolana. Sindiwaimba mlandu, umphawi umaonetsa munthu katundu yekha. Koma m'mudzi momwemo munali munthu amene zaka zonsezo ankangodikira kuti aone ngati mkamwini wake ali ndi mawu.

Fabiano alipo. Amayenda ndi ndodo, ndipo pakamwa sipanachire mwano. Nyumba ija ndi ya udzu mpaka pano, ndipo imadontha pangodya ya kum'mawa. Mvula ikamagwa timasuntha mphasa.