Foni ya Bashiru inali m'manja mwanga

Anzanga, Bashiru ndinakumana naye mu taxi yochokera ku Springs, kudziko la eni kuno. Kunja kukutentha koopsa, iye atakulunga scarf mpaka m'makutu.

"Koma abale, awa abisa banzi m'tsayamo?" ndinang'ung'udza ndekha, poganiza kuti samva Chichewa.

"Ndi chotupa, asisi," anayankha.

Ine manyazi! Koma iye anangoseka, n'kundipempha number.

Iye anali telala ku Brakpan, ine ndimaluka tsitsi ku Primrose. Ndinamukonda, osanama. Ndi ine ndekha amene amandivulira scarf ija.

Koma chotupa chija chimangokula. Mano awiri anayamba kugwedera. Tinapita limodzi kuchipatala.

"Si cancer," anatero adokotala, "koma chikudya fupa la nsagwada. Tidula mbali imeneyo, n'kuikapo fupa lochotsa kumwendo kwake."

Fupa la mwendo kukamwa?! Sabata yonseyo chakudya sichinatsike. Ndikamaluka, ndimangolakwitsa, mpaka kasitomala wina anandikalipira.

Akulowa ku theatre kukachitidwa operation, anandipatsa foni yake.

"Marjory, ati nditha masabata ndisakulankhula. Uzindiyankhira iweyo. Ndilibe wina kuno."

Maola naini ndili pabenchi! Chitseko chikangotseguka, mtima phaa, ndikuti basi abwera kudzandiuza zamaliro.

Anatuluka wamoyo, nkhope yotupa, mwendo uli m'bandeji. Zonena zake amalemba papepala. Patapita masiku anamulola zamadzimadzi, ndiye ndimamumwetsa phala ndi syringe pang'onopang'ono, ndikuopa kuti lingamutsamwe.

Tsiku lina 1 koloko masana, ndili m'kati momumwetsa, foni inalira. Number ya kumudzi. Dzina linalembedwa kuti "Customer Upile".

Bashiru anatambasula dzanja msangamsanga, koma ndinali nditayankha kale.

"Halo, anesi?" anali mawu a mzimayi. "Ndine Upile, mkazi wake wa Bashiru, ku Mangochi kuno. Anati ndisaimbe, azindilembera okha, koma mtima wakanika. Anandiuza kuti foni izikhala ndi nesi wa kwathu konkuno. Ali bwanji bambo a ana anga?"

Anzanga...

Ndinamuyang'ana. Pakamwa paja, pomwe pakanatuluka bodza lina, panali posatseguka. Anangogwetsa misozi.

"Ali bwino, mayi," ndinatero. "Operation inayenda bwino. Akumwa phala."

"Mulungu akudalitseni, anesi. Muziwasamala."

Bashiru analemba papepala: "Ndimafuna ndikuuze ndikachira."

Ndiye kuti nditsirize kaye kumusamalira, eti?

Phala lija ndinamumwetsa lonse, poti munthu anali ndi njala. Ndinamupukuta pachibwano, ndinatsuka syringe, n'kumuikira foni yake pachifuwa.

"Anesi aweruka," ndinatero.

Mu taxi ndinalira mpaka ku Primrose. Chondinyansa n'choti mpaka lero, ikakwana 1 koloko, ndimadzifunsabe ngati wamwa kanthu.