Ndinaitanidwa Kudzamasulila Mlongo Wanga

Chaka chimene chimanga chinapselela ku Sandwe, ndinaganiza zopita ku Lusaka kukagwila ntchito yaulonda. Amai anavomela msanga. Chondivuta chinali kusiya mlongo wanga Esinati, amene anabadwa wosamva. Awilife tinali ndi chinenelo chathu cha manja, chimene tinapeka tili ana koweta mbuzi. Ndinamuuza ndi manja kuti mvula ikagwa ndibwela. Ndinakatha zaka zisanu ndi zitatu.

Ku Lusaka sikunandikomele. Ndinkagona m'kachipinda ka malata, zotumiza kumudzi zinali zochepa, ndipo Chinsenga ndinkachilankhula pafoni pokha. Ndikafunsa za Esinati, amai ankangoti, "Ali bwino, alima." Foni ilibe phindu kwa munthu wosamva. Mtima utandivuta, ndinayamba kuphunzila chinenelo cha manja kutchalitchi, chija amaphunzitsa m'masukulu. Ndinkadzitama nacho, osadziwa kuti chatsopano chikamalowa, chakale chikutuluka.

Amene anandiitanitsa ndi amalume. Bambo wina wa ku Nyimba, wofedwa mkazi, anafunsila Esinati. Mwambo umafuna kuti mkazi afunsidwe pamaso pa ankhoswe, ndipo womufunsa anali ine.

Nditafika kumudzi, tonse tinakhala pamphasa. Ndinayamba ndi manja anga a m'tauni, Esinati anangondiyang'ana ngati mlendo. Kenako naye anayamba kulankhula. Manja ake ankathamanga, akuloza kumunda, kumsewu, pachifuwa pake, misozi ili chuchuchu. Analankhula nthawi yaitali. Ndinatolapo dzina langa lokha, limene m'chinenelo chathu chakale linali kukoka khutu.

"Amai, akamba chani uyu?" ndinanong'ona.

"Ise tingaziwe bwanji, mwanawanga? Tinali kuyembekeza iwe."

Ndinamuyang'ananso Esinati. Zaka zonsezo Esinati ankalima nawo, kudya nawo, kupemphela nawo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzila kucheza naye. Nkhani zake zonse anasungila ine.

"Nanga a ku Lusaka, wavomela kapena wakana?" anafunsa amalume. "Alendo achoka kutali."

Maso onse anali pa ine, munthu wophunzila manja. Manyazi anandigwila. Kunena kuti sindinamve kunandikanika.

"Wavomela," ndinatelo.

Azimai anaimba nthungululu. Esinati sanazimve, koma ataona nkhope zikusekelela, anandigwila dzanja ndi kumwetulila, poganiza kuti ndawauza zimene ananena.