Mayi Edith ndi Ana a m'Boti la Papepala

Pa Yofu palibe amene sadziwa Mayi Edith, aja oyanika usipa pathandala la kumunsi kwa tchalitchi. Imvi zitayamba kale, anabwerera kusukulu yamasana kuti alembe mayeso a Fomu 4. Mpingo unkafuna mphunzitsi wa sukulu ya mkomba phala wokhala ndi satifiketi, ndipo iwo ntchitoyo anaiika pamtima. Chinkawatsekereza ndi masamu basi.

Sikuti mutu unali wouma, ayi ndithu! Mphunzitsi wawo, a Morgan, akalemba mizere iwiri ya x ndi y, mayiwa ankachulukitsa mzere wina, n'kuchotsera mnzake, x n'kuzimiririka, y n'kutsala poyera. Vuto linali mafunso a nkhani aja. Pachilumba pano munthu sangodutsa osafunsidwa kwawo, ndiye anthu a papepalanso ankafunsidwa.

"Aphunzitsi, mlimi wa mbuzi ndi nkhukuyu ngwakuti? Bwanji akuwerenga miyendo, khola alibe?"

Kalasi yonse kuseka. A Morgan ankagwira mutu. "Amayi, nthawi ya mayeso ndi yochepa. Anthu amenewa kulibe, musamawadandaule."

"Kulibe bwanji, poti mwawalemba?"

Pa mayeso oyeserera panabwera funso la boti. Linatchula chiwerengero cha okwera onse, kulemera kwa wamkulu mmodzi ndi kwa mwana mmodzi, ndi kulemera kwa onse pamodzi. Pezani akulu, pezani ana. Mayi Edith anati akulu ndi x, ana ndi y, ndipo posakhalitsa yankho linatuluka: akulu 12, ana 28.

Cholembera chinaima pomwepo. Panja mwera unkawomba. Amuna awo, a Yoswa, anamira m'boti lodzaza chomwechi pochokera kutsidya la Mozambiki, ndipo mtembo sunapezeke. Mtima unawawa ngati zachitika dzulo. Pansi pa yankho analemba kuti, "Chonde anawa atsike." Belu linalira mafunso awiri asanawakhudze, ndipo analephera.

A Morgan atawerenga pepalalo sanaseke. Anawatsatira kuthandala, n'kuwapeza akutembenuza usipa.

"Ndalephera, eti aphunzitsi? Ndingosiya. Sukulu ndi ya ana."

"Funso la boti munakhoza lonse," anatero a Morgan. Za a Yoswa ankazidziwa, poti ankaimba nawo kwaya. "Ndipo ana aja ndawatsitsa, amayi. Onse 28. Ali pamchenga pa Mbungo, akudya chinangwa."

Mayi Edith ankadziwa bwino kuti ndi bodza. Komabe misozi inatsika, iwo akuseka, akupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga akulu aja?"

"Awoloka bwino. Boti linapepuka."

Mayiwo anayang'ana kunyanja kanthawi. Kenako anapukuta mamba m'manja, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani mafunso awiri otsala aja."