Maluwa a Pakhomo pa Aphunzitsi

Aphunzitsi opuma pantchito a nyumba yapakona sapereka moni n'kumusiya munthu apite. Amamugwira dzanja n'kuyamba: "Mukudziwa kuti Chingerezi chili ndi mawu angapo onena za munthu amene watseguka maso? Ena ndi a wokhumudwa poona kuti zomwe ankakhulupirira n'zabodza, ena ndi a womasulidwa ku bodzalo. Ndiye kudziwa zoona n'kutaya kapena kutola?" Funso limeneli limawasautsa kuposa nyamakazi yawo.

Tsiku lina akuthirira maluwa ofiira omwe anabzalira malemu akazi awo adakali moyo, kunatulukira mng'ono wa malemuwo.

"Alamu, mukuvutikabe ndi maluwawa? Akulu anga ankadana nawotu. Ankangoyetsemula mpaka misozi."

"Iyayi! Si ankathirira okha m'mawa uliwonse?"

"Ankati mukadziwa mukhumudwa."

Aphunzitsi anangosiya madzi akutayikira pansapato. Anasanthula mawu awo onse aja m'mutu, koma sanapeze olingana ndi zomwe ankamva mumtima.

"Mlamu," anatero pomaliza, "eni ake Chingerezi anaiwala mawu amodzi: a munthu amene wazindikira kuti ankanamizidwa chifukwa chokondedwa."

Atatero anakatunganso madzi ena.