Guluu wagwira, tipoti ya amayi yapita

Moni nonse. Mu Salima muno palibe wamalonda amene anandigonjetsapo pa kunenerera, ndipo lero ndinalowa mumsika ndi mtima womwewo.

Ndinanyamula tipoti yadothi ya amayi ija, imene malemu bambo anagula kale, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Chogwirira chake chinathyoka, ndiye ndinapangitsa chachitsulo kwa wokhoma zidebe. Chinatsala n'chomatira basi.

Ndinapeza bambo wina wa ku Lifuwu akugulitsa guluu wosakaniza uja, wa machubu awiri.

"Achimwene, dothi ndi chitsulo sizigwirana," ndinatero, pofuna kuti atsitse mtengo.

"Walahi, ameneyu amamata ngakhale banja lotha," anayankha.

Tinapangana kuti timate n'kuyesa pomwepo, guluu akasiya ndimutenga ulere. Atauma, tinakoleka tipoti pamsomali ndi chogwirira chija n'kuidzaza mchenga. Sinagwe. Munthu wanzeru akanalekera pamenepo, koma ine, poona anthu ataunjikana, ndinamangiriranso kathumba ka mpunga kukamwa kwa tipotiyo.

Tinangomva phwaa, tipoti ili pansi zidutswazidutswa. Pamsomali panatsala chogwirira chikulendewera, kachidutswa ka dothi kokhala ndi duwa lofiira kali chimatirire.

"Guluu wanga sanasiye, akulu, yasiya ndi tipoti yanu," anatero bamboyo mofatsa, dzanja atatambasula. Ndinalipira osanenerera.

Amayi sanamvebe, ndikuzungulira kaye kuseri kwa nyumba. Koma guluu ndi wolimbadi, ndamuyesa ndekha pamaso pa mboni. Tandiuzani abale, pamenepa wapambana ndani?